Mapilitsi amene agogo athu akumwa

Mwandipatsa mpata woti ndiyankhulepo za mankhwala amene makolo athu okalamba akumwa. Ine si dotolo ayi, ndine mlimi wa mbatata ndi chimanga ngati inu nomwe, ndiye zimene ndinene pano aliyense atha kukafunsanso kwa anamwino ku Ulongwe kapena ku Domwe.

Kuno ku Angonia munthu akamafika zaka 60 thupi limakhala litaona zambiri. Khasu, matumba a mbatata pamutu, kuthirira kudimba, ndiye ikafika Juni ndi Julayi mphepo ya kumapiri kuno imalowa mpaka m'mafupa. Msana, chiuno, mawondo, zonse zimayamba kulira. Ululu umenewo ndi weniweni, tisamawanene kuti ndi ulesi. Koma taonani kumene chithandizo chikuchokera. Tsiku la msika agogo amamasula kandalama pakansalu n'kutuma mdzukulu kuti, "Iwe, ukandigulire a msana aja." Wogulitsa amangowerenga makapisozi n'kukulunga m'kapepala. Dzina palibe, tsiku lothera mphamvu palibe, kamwedwe kake palibe. Lamulo la mankhwala la dziko lino, la mu 2017, sililola malonda otere, komabe tonse tikudziwa kuti alipo.

Nthawi zambiri "a msana aja" ndi Indocid. Nanga si Indocid yemweyu ena amagula kuti aphere makoswe m'nyumba? Khoswe uja amafa chifukwa mankhwalawa amamuboola m'matumbo, magazi n'kumatayikira m'kati. Munthu ndi wamkulu kuposa khoswe, inde, ndipo dotolo akalemba mlingo woyenera kwa masiku ochepa mankhwalawa amathandiza. Koma agogo amene akumwa awiri m'mawa uliwonse, mwezi ndi mwezi, asanadye kanthu, kuti apeze mphamvu zopitira kumunda, m'mimba mwawo mukuchitika zomwezo pang'onopang'ono.

Indocid, Brufen ndi diclofenac ndi ana a mimba imodzi. Onsewa amachotsa ululu, koma amachepetsanso chitetezo cha chifu, mpaka chifucho chimachita zilonda. Amatopetsa impso, ndipo impso za munthu wokalamba n'zotopa kale. Amakwezanso BP, imene ena timati tensau. Tsono wina amamwa Indocid m'mawa, masana mnzake amugawira Brufen, madzulo atsirizira ndi kapu ya kachasu kuti tulo tibwere. Iye akuganiza kuti wamwa mankhwala osiyana, pamene wamenya pamalo amodzi katatu.

Zizindikiro zake tizidziwe. Chilungulira chosatha, kuwawa pachifu, chimbudzi chakuda bii ngati phula, kusanza magazi kapena zonga matsalira a khofi, zikhatho kuyera, chizungulire, mkodzo kuchepa, miyendo ndi nkhope kutupa. Pakutupa apa ndi pamene timasocherera. Mayi wachikulire akatupa miyendo, pamudzi pamayamba manong'onong'o, ena ati ndi mdulo, ena ati walodzedwa, mpaka abale kudana. Za miyambo ndisalowemo, akuluakulu alipo. Ine ndikungoti tisanaloze munthu chala, tiyambe tasuzumira pansi pa mphasa ya agogo, tione timapepala tingati ta mapilitsi tili pamenepo. Ndipo chimbudzi chakuda chija si chodikirira kuti kuche kawiri. Ndi chonyamula munthu panjinga tsiku lomwelo.

Palinso vuto lina limene ndi lathulathu ife a m'malire. Ambiri tili ndi abale ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo timadutsa pa Calomue kapena pa Lizulu ngati tikupita kudimba. Agogo akadwala ali kwa mwana wawo ku Malawi amapita kuchipatala cha kumeneko, akabwerera amapitanso kuno. Uko awalembera m'buku m'Chingerezi, kuno awalembera receita m'Chipwitikizi, ndipo iwo sawerenga chilichonse mwa ziwirizo. Brufen wa uko ndi ibuprofeno wa kuno ndi chinthu chimodzi. Panado ndi paracetamol, chimodzi. Bactrim ndi cotrimoxazol, chimodzi. LA ndi Coartem, chimodzinso. Maonekedwe a pilitsi ndi amene amasiyana, ndiye agogo amamwa zonse, ati awa ndi a ku Malawi, awa ndi a kwathu. Akakhala a BP, kumwa kawiri chonchi magazi amatsika kwambiri, munthu akadzuka usiku kupita kuchimbudzi amachita chidima m'maso n'kugwa. Fupa la m'chiuno la munthu wokalamba likathyoka, ambiri sayendanso. Mapilitsi ogonetsa, monga diazepam, nawonso amagwetsa anthu chimodzimodzi, ndipo thupi likawazolowera tulo sitibweranso popanda iwo.

A BP ali ndi khalidwe lawo. Samwedwa ngati Panado, woti mutu ukasiya nawenso wasiya. Amamwedwa tsiku ndi tsiku, ngakhale munthu akumva bwino, chifukwa BP yokwera kawirikawiri siimveka m'thupi. Ambiri amasiya akaona kuti apepukidwa, otsalawo n'kusungira tsiku lodwala mutu, kapena kugawira mnzawo wa kutchalitchi. Kenako timamva kuti uje wafa ziwalo mbali imodzi, pakamwa papotoka.

A shuga ndiye ndikuopa kwambiri m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zapepuka. Pali ena, monga glibenclamida, amene amatsitsa shuga kaya munthu wadya kaya sanadye. Agogo amwa m'mawa, phala palibe, alowa m'munda kukabandira. Pofika 10 koloko thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, akuyankhula zosamveka ngati aledzera. Mukawapeza chotero akadali maso, apatseni madzi a shuga msanga, kenako chakudya, ndipo mupite nawo kuchipatala. Ngati akomoka musawathire kanthu m'kamwa, angatsamwe.

Za malungo ndingodutsa. Coartem wa munthu wamkulu ndi mapilitsi 24, anayi m'mawa anayi madzulo kwa masiku atatu. Agogo achifundo amamwa theka, theka n'kusungira mdzukulu. Malungo aja sanathe, ndipo mdzukuluyo adzamwa asanayezedwe n'komwe.

Ndiye tichite chiyani? Kungowalanda mapilitsi sikuthandiza, mawa atumanso mwana wina, popeza msana ukadali kuwawa. Chimene ndikupempha ndi ichi. Amene muli ndi kholo lokalamba pakhomo, sonkhanitsani mankhwala onse m'kajumbo kamodzi, a kuchipatala cha kuno, a ku Malawi, a kumsika, osabisa ndi azitsamba omwe. Muwaperekeze nokha kuchipatala, musatume kamwana. Mukafika khuthulani kajumboko patebulo pa anamwino, anene okha oti ataye ndi oti apitirize. Akafotokoza m'Chipwitikizi mwachangu, musachite manyazi kunena kuti abwerezenso m'Chichewa. Pakapepala ka mankhwala jambulani dzuwa pa a m'mawa ndi mwezi pa a usiku. Pa ululu wa msana ndi mawondo, Panado ndi wofatsa pachifu kuposa enawo, komabe naye ali ndi malire: a 500 mg asapitirire 8 pa tsiku, ndipo kwa agogo ochepa thupi kapena omwa mowa anamwino amachepetsanso, chifukwa akachuluka amawononga chiwindi.

A pampando, pempho langa lomaliza ndi lakuti kalabu yathu ilembe kalata ku wailesi, aitane wa ku farmácia ya chipatala adzawerenge pa mphepo mayina a mankhwala a mbali zonse ziwiri za malire, m'Chichewa, nthawi ya madzulo pamene agogo abwerako kumunda. Papepala ndi cholembera ndabwera nazo.