ALENDO A M'MLENGALENGA

Abale athu a ku Machinga ndi a ku Balaka, tinene lero za alendo amene afika kwathu caka ndi caka osapempha malo kwa mfumu.

Kuli mbalame ya ku nyanja yamcere imene Angerezi aicha Arctic tern. Kulemera kwace ndi magalamu ngati 100 okha. Iikira mazira ku maiko ozizira a kumpoto, monga Greenland ndi Iceland. Ndipo pofika cisanu inyamuka, nitsata nyanja ya Atlantic, zina za izo m'mbali mwa gombe la Afrika, kufikira ku madzi oundana a Antarctica. M'caka ca 2010 anthu ophunzira, atamanga tizipangizo ku miyendo ya mbalamezi, analengeza kuti ulendo wa kupita ndi kubwera uposa makilomita 70,000 pa caka cimodzi. Yeremiya 8:7 achulanso dokowe ndi namzeze, kuti zidziwa nyengo ya kufika kwao.

Dziko lathu liribe nyanja yamcere, koma mbale wace wa mbalameyi timuona ndi maso. Ndiye white-winged tern, amene aswana m'madambo a kum'mawa kwa Ulaya ndi ku Asiya, nabwera ku Chilwa m'nyengo ya dzinja kudzadya tizirombo touluka pamwamba pa madzi. Pothawa cisanu kwao, moyo wace uli m'manja mwathu.

Tsono Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje woturuka. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, niphwanso mbali yaikuru mu 2018. Mu 1996 inalembedwa m'pangano la Ramsar monga dambo lofunika ku dziko lonse lapansi. Madzi akaphwa matemba ndi makumba asowa, ndipo anthu anjala atembenukira ku mbalame ndi misampha ndi ulimbo. Sitiwaweruza, pakuti njala tiidziwa tonse. Koma tikatentha njedza pamene mbalame za kwathu ziri pa mazira, tikadula mitengo ya m'mapiri imene isunga madzi a mitsinje, tiononga nkhokwe ya ana athu pamodzi ndi cigono ca mlendo.

Cifukwa cace tikupemphani, inu asodzi ndi osaka: lekani zisa m'nyengo ya kuswana, musayatse moto m'dambo, ndipo mutenge zokwanira banja lanu zokha. Mlendo woyenda mtunda wotere apeze pogona pakati pa ife.