NDEGE YA COMET: CITSULO NACO CIMATOPA

 Madzulo ano tikambe za ndege imene inaphunzitsa amisiri a dziko lonse kuti citsulo naco cimatopa.

Pa 27 July 1949 kampani ya de Havilland ku England inaulutsa koyamba ndege yochedwa Comet. Makina ace anai a jeti, obisika m'mapiko, anali kumeza mphepo, kuitentha ndi mafuta, ndi kuitulutsira kumbuyo mwamphamvu. Pa 2 May 1952 inanyamuka ku London ndi anthu 36 kunka ku Johannesburg, ndipo m'njira inatera pa Livingstone, m'dziko lathu lomwe lino. Ulendo wonsewo sunakwane maora 24. Taganizani: mamailosi pafupifupi 300 a kucokera ku Lusaka kufika ku Katete, amene amatityola msana m'basi, Comet ikanawatha ora lisanakwane.

Koma mu 1954 kunagwa tsoka. Pa 10 January Comet ina inasweka m'mwamba pafupi ndi cisumbu ca Elba ku Italy, nafa anthu 35. Pa 8 April inanso, imene inali paulendo wa ku Johannesburg, inagwera m'nyanja pafupi ndi Naples ndi anthu 21. Pomwepo zonse zinaletsedwa kuuluka.

Cinalakwika nciani? Kumwamba kumene Comet inali kuyenda mpweya ngwocepa, munthu sangapume bwino. Cotero makina amapopera mpweya m'kati mwa ndege, monga mupopera chubu ca njinga. Ndege ikakwera thupi lace limafufuma pang'ono, ikatsika limafwapa. Amisiri a ku Farnborough anamiza thupi la Comet m'thanki lalikuru la madzi, nalipopa ndi kuliphwetsa usana ndi usiku. Atafika ngati maulendo 3,000, citsulo cinang'ambika kuyambira pa ngondya ya zenera. Mudziwa inu nomwe kuti waya ukaupinda ndi kuuwongola kawirikawiri, umaduka wopanda mpeni.

Cifukwa cace Comet 4 ya mu 1958 anaipanga ndi citsulo cocindikala ndi mazenera opanda ngondya. Pa 4 October caka comweco inaolotsa anthu nyanja ya Atlantic, koma malonda ambiri anapita kwa Boeing 707 ya ku America. Komabe phunziro silinatayike: kufikira lero ndege yatsopano iriyonse imayesedwa kutopa kwace isanaloledwe kunyamula anthu.

Tsono inu a pa mgodi, tsiku limene cikepe cacedwa cifukwa akuyang'ana cingwe cace, musanyinyirike. Mng'alu wakupha umayamba wosaoneka ndi maso, ndipo akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Tsalani bwino nonse.