Magetsi Ochokera ku Akasupe Otentha

Mafumu ndi alimi nonse, tamverani. Akasupe otentha, onga a ku Chiweta ndi ku Nkhotakota, angathe kutipatsa magetsi ngakhale madzi ake asafike powira. Nzeru yake nayi. Madziwo atenthetsa mankhwala ena amadzimadzi amene awira msanga koposa madzi. Nthunzi ya mankhwalawo izunguza makina opanga magetsi, ndipo ikazizira ibwerera m'mipope kukawiranso.

Ku Chena, ku Alaska m'dziko la America, anayamba kutero m'chaka cha 2006 ndi madzi otentha madigiri 74 okha, nachepetsa ndalama zogulira dizilo.

Tsono inu mafumu, musagawe malo a kasupe mwachisawawa, ndiponso musalole anthu kutayamo zinyalala. Kasupe amene musambako lero angadzayendetse chigayo chanu mawa.