Madzi Oundana Amene Anasema Phiri la Kenya

Lero tiri paulendo wa ku Phiri la Kenya, limene nsonga yake, Batian, ifika mamita 5,199. Ngakhale phirili liri pafupi ndi Ikweta, pamwamba pake pamazizira kotero kuti madzi amaundana nauma gwa, monga matalala amene mumatola mvula ikagwa.

Zaka ngati 20,000 zapitazo dziko lapansi linali lozizira koposa lero. Cipale cofewa cinali kugwa pa phirili caka ndi caka osasungunuka conse. Capamwamba cinapsinja capansi, mpaka conse cinasanduka cimulu colimba ca madzi oundana. Cifukwa ca kulemera kwake, cimuluco cinayamba kutsetsereka pang'onopang'ono ngati mtsinje waulesi.

Mtsinje woterewu unagwira nchito zitatu. Unazula miyala m'mbali mwa phiri. Miyala imene inamatirira kunsi kwake inapera thanthwe monga amai aperera mapira pamphero. Potsiriza unasenza miyala ndi dothi, nukazitula kumene unasungunukira.

Aphunzitsi, lembani V ndi U pa bolodi. Ana inu, yang'anitsitsani. Mtsinje wa madzi umakumba pansi pokha, ndipo cigwa cake cimapanikizika ngati V. Koma madzi oundana amadzaza cigwa conse, napala pansi ndi m'mbali momwe, nasiya cigwa cotakata ngati U, conga m'kati mwa bwato. Zigwa za Teleki ndi Gorges ziri zotero. Maenje amene anakumbika m'thanthwe lero ndi tinyanja, monga Michaelson. Miyala yotulidwa ija inaunjikana ngati mizere ya m'munda, ndipo ina ipezeka m'munsi, pa mamita ngati 3,300. Ndiyo itiuza pamene madzi oundana analekezera.

Lero otsala ndi ocepa, pakuti dziko likunka litentha. Pakati pa 1934 ndi 2010, mtsinje woundana wa Lewis unataya pafupifupi magawo 9 mwa 10 a thupi lake. Ukadzatha, zigwa zokha ndizo zidzacitira umboni.

Tsopano nayi nchito yanu. Unjikani mulu wa mcenga wonyowa. Mbali imodzi thirani madzi pang'onopang'ono, mbali ina kokani botolo colikanikiza kucokera pamwamba. Jambulani zigwa ziwirizo m'makope mwanu, nimulembe kusiyana kwake. Tsalani bwino.