Mau a Mlembi: Chimfine Chimene Chimatupitsa Diso la Mwana

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma zimene ndinene ndinaziona ndi maso pa mdzukulu wanga.

Kuno kwathu June ndi July kumazizira, ndipo mamina pa mwana sitiwayesa kanthu. Inenso ndinati nchimfine chabe. Anapitirira masiku 10 mamina ali achikasu, thupi likutentha, mutu ukuwawa akawerama. Tsiku lina m'mawa chikope chinatupa, diso losatseguka. Ena anati timteme mphini, ena anati amuombera. Ndinataya masiku awiri ndikumvera zimenezo, ndipo mlandu umenewo ndi wanga.

Adokotala anatilongosolera chotere. M'mafupa a kumaso muli timphako tolumikizana ndi mphuno. Chimfine chikatseka njira yake, mafinya amaunjikana m'menemo. Fupa lolekanitsa mphuno ndi diso nlopyapyala ngati chikamba cha dzira, choncho mafinya amatha kuboola kulowa kudiso, mwana nkuchita khungu, pena kukwera mpaka ku ubongo.

Ana ambiri amachira ndi mankhwala okha, monga amoxicillin, malinga amalize onse. Ife timaleka pakati mwana akayamba kuseŵera, nkusungira mng'ono wake otsalawo. Tileke zimenezo, amai. Koma mafinya akapanga thumba, pamafunika opaleshoni. Amamgoneka mwana ndi mankhwala, natsegula njira kudzera m'mphuno, kapena kucheka pang'ono pafupi ndi diso, kuti mafinya atuluke. Bambo ake a mwana anayamba akana kusaina, ati aphedwa. Lero ali m'Sitandade 4, maso onse aŵiri akuona.

Yambirani pafupi: chipatala cha boma cha Mzimba, cha Embangweni kapena cha Katete. Akaona kuti nzazikulu amalemba kalata ya ku Mzuzu Central, chimene chinatsegulidwa mu 2000. Akatswiri a makutu, mphuno ndi kukhosi ngochepa m'Malaŵi muno. Enanso odwala amafika mpaka ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Ulendo ndi wautali, tsono m'magulu mwathu tizisungako kandalama ka thiransipoti.

China ndisaiŵale. Mamina onunkha otuluka mphuno imodzi yokha, kaŵirikaŵiri mwana waloŵetsamo njere ya chimanga kapena nyemba. Musatokose ndi kamtengo, mumaikankhira m'kati. Mubereke mwanayo tsiku lomwelo.