Hana ndi Anthu Atatu Amene Sanamumve

Phunziro lathu likuchokera m'buku la 1 Samueli, mutu woyamba, ndime 1 mpaka 18. Amene muli ndi Baibulo pafupi, tsegulani kuti tiyendere limodzi.

Chiyankhulo chathu chili ndi liu limodzi lolemera kwambiri, liu loti "kumva". Timamva ndi khutu, timamva njala, timamva fungo, timamvanso chisoni. Kuchokera pa tsinde lomwelo timapeza kumvetsera, kumvetsa, kumvera ndi kumvana. Makolo athu anaona kuti zonsezi n'zapachibale: anthu awiri samvana ngati wina sanamvetse mnzake, ndipo samumvetsa ngati sanayambe wamvetsera. Mu Chiheberi namonso muli zofanana, pakuti liu loti shama limatanthauza kumva ndi khutu komanso kumvera. Koma mabanja ambiri akupasuka chifukwa timadumpha makwerero apakati. Timafuna kumvana, kumvetsera ayi.

Nkhani ya lero inachitika ku Silo, kumene kunali nyumba ya Yehova kachisi wa ku Yerusalemu asanamangidwe. Elikana, munthu wa kudera lamapiri la Efraimu, anali wamitala. Penina anali ndi ana, Hana analibe. Chaka ndi chaka banja lonse linkakwera ku Silo kukapereka nsembe, ndipo chaka ndi chaka Hana ankabwerako ndi misozi. Anthu atatu anayankhula naye pa mlandu wa misoziyo. Onse atatu anali ndi makutu abwinobwino.

Woyamba ndi Penina, ndipo pa iye sitikhalitsa. Penina ankadziwa bwino pamene panali chilonda cha mkazi mnzake, ndipo ankaponda pomwepo mwadala, makamaka pa nthawi ya chikondwerero. Alipo anthu amene amatchera khutu kuti atole zida. Mukawauza zakukhosi lero, mawa muzimva pachitsime. Munthu wotere wamva zonse, koma chifundo sanachimve.

Wachiwiri ndi amene ayenera kutidetsa nkhawa, chifukwa ambiri a ife tikufanana naye. Elikana anali munthu wabwino, wopembedza, ndipo Malembo akunena poyera kuti ankamukonda Hana. Pogawa nyama ya nsembe ankamupatsa gawo lapadera. Ataona kuti mkazi wake akulira ndipo sakudya, anamufunsa mafunso anai motsatizana: chimene akulirira, chimene sakudyera, chimene chamuwawitsa mtima, ndipo lachinai, ngati iye mwamuna wake sanali woposa ana aamuna khumi. Werengani ndime 8 ndi 9 mosamala. Yankho la Hana mulibemo. Mafunso atatu oyambawo anali abwino, koma Elikana sanasiye mpata woti ayankhidwe. Funso lachinai linatembenuza nkhani yonse, kuichotsa pa Hana kuiika pa Elikana. Mkazi akanayankha bwanji? Akanati inde, akananama. Akanati ayi, akanamunyoza mwamuna amene ankamukonda. Anangodzuka n'kupita kukapemphera.

Abambo, tiyeni tinene zoona. Mayi a kunyumba akayamba kudandaula, kangati timayankha kuti, "Kodi ufa mulibe? Fizi ya ana sindinalipire?" Inu amene mukugwira ntchito ku Johannesburg kapena ku Harare, banja lili kumudzi, foni ikalira ndipo mayi akuyamba kufotokoza kuti mwana wamkulu wasiya kumva, kangati mumawadula ndi funso loti ndalama munatumiza zija zafika kapena ayi? Ndalamazo n'zofunika, monga gawo la nyama la Hana linalili lofunika. Koma mbale inali yodzaza pamaso pake, iye osadya.

Ifenso alaliki tisadzipatule. Tikukumbukira mayi wina amene anatipeza mapemphero atatha, nayamba kunena kuti usiku sagona. Asanamalize, ife tinali titatsegula kale Baibulo, kuwerenga ndime ya kudalira Mulungu, kupemphera, ndi kumutsanzika. Patapita miyezi tinamva kwa ena kuti chimene chinkamulanda tulo chinali nkhanza za m'nyumba mwake. Ndime tinawerengayo inali yoona. Koma tinapereka mankhwala tisanamve matenda, ndipo mayiyo sanabwerenso kwa ife.

Pali chitsanzo chimodzi chochokera kunja kwa Baibulo chimene ife a pa wailesi sitingachiiwale. Pa 27 Marichi 1977, pa bwalo la ndege la Los Rodeos pa chilumba cha Tenerife, ndege ziwiri zazikulu za mtundu wa Boeing 747, ina ya KLM ina ya Pan Am, zinali pa msewu umodzi wothamangirapo ndege, m'chifunga chachikulu moti sizinkaonana. Woyendetsa ndege ya KLM anali wofulumira, ndipo anakhulupirira kuti waloledwa kunyamuka. Wa pa nsanja yolondolera ndege anamuuza kuti adikire. Pa mphindi yomweyo a Pan Am nawo anayankhula pa wailesi kuti akadali pa msewupo. Aliyense wodziwa wailesi zoterezi amadziwa chimene chimachitika awiri akayankhula nthawi imodzi: mau amaphana, pamatsala phokoso. Machenjezo onse awiri sanamveke bwino mu ndege ya KLM. Mmodzi wa ogwira ntchito m'chipinda cha woyendetsayo anakayika, nafunsa ngati ndege inayo yachokadi, koma mkulu wake anayankha motsimikiza kuti yachoka. Ndege zinaombana ndipo anthu 583 anafa. Palibe amene anali ndi cholinga choipa tsiku limenelo. Wamkulu anamva chimene ankayembekezera kumva, ndipo funso la wamng'ono linapepuka. Ngoziyi itachitika, malamulo a kayankhulidwe ka pa ndege anakhwimitsidwa, kuti mau akhale amodzimodzi kulikonse, ndi kuti wolandira lamulo azilibwereza m'malo mongoti wamva. Oyendetsa ndege anayambanso kuphunzitsidwa kuti wamng'ono akakayika, wamkulu amvetsere.

Kubwereza kumeneku n'kothandizanso pakhomo. Mu 1957, Carl Rogers ndi Richard Farson a ku America, akatswiri a maganizo a anthu, analimbikitsa kuti womvetsera azinena m'mau akeake chimene wamva, kufikira woyankhulayo atavomereza kuti n'chimenecho ankatanthauza. Ankhoswe anzeru amachita zimenezi asanaweruze. Amati, "Mayi, ngati tamva bwino, chakuwawani si ndalama ayi, koma kuti nkhani munaimvera kwa alamu anu. Ndi choncho?" Nthawi zambiri mlandu umaphwa pomwepo, chifukwa munthu wapeza wina amene wamumva.

Tibwerere ku Silo, kwa munthu wachitatu. Eli wansembe anali atakhala pampando pafupi ndi khomo la nyumba ya Yehova. Anaona mayi ataima, milomo ikugwedezeka, liu osatuluka. Anayang'anitsitsa pakamwa pake, naganiza kuti waledzera, namudzudzula pomwepo kuti asiye vinyo. Mwina anali ndi zifukwa zake, pakuti inali nthawi ya kudya ndi kumwa. Koma sanafunse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Maso amatiuza chimene munthu akuchita, koma chifukwa chake timachipeka tokha m'mitima mwathu, ndipo kawirikawiri timapeka choipa. Mnyamata wakhala phee kumbuyo kwa tchalitchi, ife tati ngwamwano. Mpongozi sanatuluke kudzapereka moni, tati ngwonyada. Uthenga wa pa foni wayankhidwa ndi liu limodzi, tati wakwiya.

Pano pali chinthu chimene chimaoneka bwino m'Chiheberi. Poyankha, Hana anapempha Eli kuti asamuyese "mwana wamkazi wa beliyaali", ndiko kunena munthu wachabechabe. Mukafika pa mutu 2 ndime 12, mupeza kuti dzina lomwelo la beliyaali lapatsidwa kwa ana a Eli yemweyo, Hofeni ndi Pinehasi, amene ankalanda nyama ya nsembe. Uchabechabe unali m'nyumba mwa wansembe, koma iye anauona pa mayi wosalakwa. Wolemba bukuli sanaike mau awiriwa moyandikana mwangozi. Tikamamvetsera munthu, timabwera ndi katundu wathu: mantha athu, manyazi a kwathu, zimene wina anatichitira kale. Katunduyo amachita phokoso m'khutu monga wailesi ziwiri zija.

Tsono taonani Hana. Apa ndi pamene tikufuna tikhalitse pang'ono, chifukwa nkhaniyi ikukhudzanso mmene munthu amadzionera. Mu 1902, Charles Horton Cooley, katswiri wa chikhalidwe cha anthu wa ku America, anafotokoza kuti munthu amadzidziwa ngati woyang'ana pa kalilole, ndipo kaliloleyo ndi anthu anzake. Timaganizira mmene tikuonekera kwa iwo, timaganizira mmene akutiweruzira, kenako timamva kunyada kapena manyazi. Pali choonadi pamenepa. Mwana amene tsiku lililonse amatchedwa chitsiru amafika poleka kukweza dzanja m'kalasi. Mayi amene apongozi ake amamutchula chumba zaka khumi amayamba kuyenda chowerama. Ndipo munthu wodziona wachabe samvanso bwino: moni wamba amaumva ngati chipongwe, uphungu amaumva ngati chitonzo.

Hana anali ndi akalilole atatu. Wa Penina ankamuonetsa mkazi wolephera. Wa Elikana ankamuonetsa mkazi wosayamika. Wa Eli tsopano ankamuonetsa chidakwa, ndipo ameneyu anali mkulu wa ansembe, munthu amene liu lake linali lolemera mu Israyeli yense. Ambiri a ife tikanatuluka mwamanyazi osabweranso, kapena tikanabweza mau aukali. Hana anakana mwaulemu. Anamutchula Eli mbuye wake, nanena kuti ayi, sanamwe chilichonse choledzeretsa. Anadzifotokoza yekha kuti ndi mkazi wosweka mtima amene wakhala akutsanulira moyo wake pamaso pa Yehova. Sanadzikweze kuti ali bwino pamene sanali bwino. Sanavomerenso dzina limene silinali lake.

Mphamvu imeneyi anaitenga kuti? Kumbukirani kuti anali atangochoka popemphera. M'pemphero lake, pa ndime 11, anadzitchula katatu kuti ndi mdzakazi wa Yehova. Anali atayang'ana kale pa kalilole wachinai, amene Cooley sanamuwerengere. Munthu amene wamvedwa ndi Mulungu angathe kuima pamaso pa wamkulu amene wamumva molakwa, osagwa ndi osalusa. Inu amene mwasenza dzina loipa limene munapatsidwa ndi bambo wokupezani, ndi mphunzitsi, ndi bwana wa kuntchito m'dziko lachilendo, kapena ndi mbusa amene, tikukupemphani mufunse ngati dzinalo Mlengi wanu akulidziwa.

Tisapitirire osachenjeza. Kudzidziwa kwa Hana sikunali kutseka makutu. Pali anthu amene mau oti "ine ndimadzidziwa" amawasandutsa linga loti asadzudzulidwe. Zina zimene anzathu amaona mwa ife n'zoona, ngakhale ife sitiziona, monga munthu saona chogona kumsana kwake. Davide atauzidwa ndi Natani kuti wochimwayo ndi iye, anavomera. Hana anakana chifukwa mlanduwo unali wabodza. Ntchito yathu ndi kumvetsera mpaka pamapeto, kenako kuyesa mauwo pamaso pa Mulungu.

Ndipo Eli timupatse ulemu wake. Mkulu wa ansembe anadzudzulidwa ndi mayi wamba pakhomo pa nyumba ya Mulungu, ndipo sanadziteteze. Sananene kuti aliyense akanaganiza chimodzimodzi. Anasintha mau ake nthawi yomweyo, namudalitsa kuti apite mumtendere ndi kuti Mulungu wa Israyeli amupatse chimene wapempha. Malembo sakusonyeza kuti Hana anali atamuuza chimene anapemphacho. Eli anamva zokwanira kudziwa kuti pamaso pake pali munthu wopwetekedwa. Ndime 18 ikutiuza kuti Hana anapita nakadya, nkhope yake osakhalanso yachisoni. Taganizani: mimba inali isanabwere, Penina anali akadali pakhomo, ulendo wobwerera ku Rama unali womwewo. Chimene nyama ya Elikana inalephera chinachitika pamene Hana anatsanulira mtima wake kwa Mulungu, ndipo munthu mmodzi anafika pomumva.

Zaka zitapita, mwana amene Hana anapempha uja anali kugona m'nyumba ya Yehova, akutumikira pansi pa Eli. Mutu 3 ukunena kuti maso a Eli anali atayamba kuchita khungu. Maso amene anaweruza Hana aja sankaonanso. Usiku wina mnyamata Samueli anathamangira kwa iye katatu, poyesa kuti nkhalambayo yamuitana. Kawiri Eli anamubweza kuti akagone. Kachitatu anaima nalingalira, nazindikira kuti mwanayu akumva chinthu chimene iye sakumva. Sanamuseke, ndipo sanachite nsanje kuti Mulungu wadumpha wansembe n'kuyankhula ndi mwana. Anamuphunzitsa kuti liulo likabweranso, adzitchule mtumiki ndi kunena kuti ali tcheru.

Kutacha, Samueli ankaopa kunena, chifukwa uthengawo unali chiweruzo pa nyumba ya Eli. Nkhalamba ija inamuitana, nimulamula kuti asabise kanthu ngakhale kamodzi. Mwanayo anafotokoza zonse, kuyambira poyamba kufikira potsiriza, za ana a Eli ndi za kulephera kwa bambo wao kuwaletsa. Eli anamvetsera kufikira mnyamatayo atamaliza, ndipo pamenepo anavomera kuti amene wayankhulayo ndi Yehova.