MABUKU OPHUNZIRAMO MBIRI YA A PICTS A KU SCOTLAND

Mphunzitsi ali yense wa m'dziko lino adziwa kuti David Livingstone, amene anamwalira kwa Chitambo m'caka ca 1873, anali mbadwa ya ku Scotland. Koma owerengeka okha adziwa za mitundu yakale ya dzikolo. Umodzi wa mitunduyo ndiwo a Picts, anthu a kumpoto ndi kum'mawa, amene dzina lao lioneka koyamba m'zolemba za Aroma za m'caka ca 297. Iwo sanasiye buku lofotokoza mbiri yao. Cotsala ndico mndandanda wa maina a mafumu ao, pamodzi ndi miyala yosemedwa zinyama ndi zizindikiro zimene tanthauzo lace likali lobisika. Cotero zambiri zonenedwa za iwo zinacokera kwa alendo, ndipo wowerenga ayenera kufunsa pa buku liri lonse kuti, analemba ndani, ndipo analemba liti?

Wofuna mbiri ya dziko lonse ayambe ndi Scotland: A New History, la Michael Lynch, la 1991. Atatero atenge Picts, Gaels and Scots, la Sally Foster, la 1996, popeza ndi lalifupi ndiponso liri ndi zithunzi zothandiza pophunzitsa ana.

Pamenepo amve mboni ziwiri zakale, zimene zinalemba m'Cilatini, koma zipezeka m'Cingelezi. Yoyamba ndi Adomnán, mkulu wa amonke a pa cisumbu ca Iona, womwalira m'caka ca 704, amene analemba Life of St Columba. Columba anafika pa Iona m'caka ca 563, nakaonana ndi mfumu Bridei pafupi ndi mtsinje wa Ness, ndipo nthawi zina analalikira mwa womasulira. Bukuli likoma powerenga, koma cifuno cace ndico kukweza woyera mtimayo. A Picts aoneka m'menemo monga anthu ongodabwa ndi zozizwa. Yaciwiri ndi Bede, mmonke wa ku England, amene anatsiriza buku lace la mbiri ya Mpingo m'caka ca 731. Iye anati a Picts, pakakhala kukayika za wolowa ufumu, anasankha wa kucikazi. Mphunzitsi wa pakati pa Acewa adzakondwera kumva zotere, pokumbukira mwambo wa kwao. Koma acenjere, pakuti akatswiri ambiri a lero akayika ngati unali mwambo wokhazikika.

Mabuku a ophunzira nawonso asintha maganizo. Mu The Problem of the Picts, losonkhanitsidwa ndi F. T. Wainwright m'caka ca 1955, Kenneth Jackson anaganiza kuti ena mwa a Picts analankhula cinenero cosafanana ndi ca anansi ao onse. Koma Katherine Forsyth, mu Language in Pictland la 1997, anatsutsa zimenezo, nati cinenero cao cinali pa ubale ndi ca ku Wales. Momwemonso kale ana anaphunzitsidwa kuti Kenneth MacAlpin anagonjetsa a Picts. Koma zolemba za ku Ireland zimcha mfumu ya a Picts pa imfa yace m'caka ca 858. Alex Woolf afotokoza nkhaniyi mu From Pictland to Alba, la 2007, ndipo za nyengo ya m'mbuyo mwace ziri mu From Caledonia to Pictland, la James Fraser, la 2009. Awiriwa ndi olimba, oyenera kuwerenga pa chuthi.

Lotsiriza ndilo Portmahomack: Monastery of the Picts, la Martin Carver, la 2008. Pokumba pansi pa malowo anapeza nyumba ya amonke, imene inatenthedwa ca m'ma 800, ndipo m'menemo munali zipangizo zofufutira zikopa za ana a ng'ombe zolembapo mabuku. Ndiko kunena kuti a Picts anadziwa nchito ya mabuku, koma mabukuwo anatayika, natsala mau a alendo okha.

Phunziro lace kwa mphunzitsi wa kumudzi siliri patali. Akulu odziwa mbiri ya mafumu ndi maulendo a makolo akali moyo pafupi ndi sukulu lace. Awafunse, alembe zimene anena pamodzi ndi dzina la wonenayo ndi caka cace, ndipo alembe kawiri, buku lina likasungidwe kwina.